Sakhwi Apikula Mbewu

Padangokhala! Vomerani kuti tili tonse, abale, nthano yopanda ovomera imagwera m'phulusa.

Padangokhala chaka chimene dzombe linaseseratu minda yonse, mpaka nyama zinakazinga ndi mbewu yomwe zinasungira kubzala. Musaziseke, njala siidziwa mawa. Mvula yoyamba itagwa, aliyense anasuzumira m'chipanda mwake n'kupezamo mphepo yokha. Mapira otsala anali m'nkhokwe imodzi basi, ya mfumu Nchefu, imene inali pakati pa msika. Mfumuyo inali itakalamba, mawondo atatha, choncho inasiya nkhokwe m'manja mwa kapitawo wake Nguluwe, n'kumulamula kuti, "Mbewuyi uipikulitse. Opikula akaimwaze m'midzi msanga mvula isanatithawe."

Mawu abwino, eti? Koma mfumu inaiwala kanthu kamodzi. Sinanene kuti kupikula kumayambira pati. Ndiye Nguluwe, wadyera uja, anapeza pokhala.

Nkhokwe ankaitsegulira anzake awiri okha, Njati ndi Nyani. Iwo ankabwera ndi bowa wouma, poti chaka chimenecho malonda onse ankayendera bowa, n'kusenza mitanga ya mapira. Akafika kwawo ankagawa kadzanja kadzanja kwa nyama zing'onozing'ono, ndipo mtengo wa kadzanjako unali mwana. Upereke mwana wako akalime m'munda mwawo mpaka masika, ndiye ulandire mbewu.

Pamsikapo panalinso mwambo wina, muusunge m'mutu. Lamulo lililonse limene Nang'omba, mlengezi wa mfumu, waliliza ndi mawu ake a ng'oma aja, silinkasintha mpaka zokolola zitalowa m'nkhokwe. Ngakhale mfumu imene sinkatha kulibweza. N'chifukwa chake Nguluwe malamulo ake ankangowatulutsa pakamwa, Nang'omba osamuitana.

Tsono kunali mayi wina wamasiye dzina lake Sakhwi. Mukumudziwa, kathupi ka mbewa, mphuno kutalika, pakamwa posagona. Ana anali nawo awiri. Woyamba anapita kukalima kwa Nyani chaka cha dzombecho ndipo anafera komweko, khasu lili m'manja. Anatsala ndi mmodzi, mtsikana, dzina lake Namphuno. Sakhwi analumbira kuti ameneyu sadzaponda m'munda wa Nyani iye ali moyo.

M'mawa wina anatenga chikho cha bowa n'kulunjika kunkhokwe.

"Odi, a kapitawo!"

"Ndani?" anatero Nguluwe akuyang'ana kumwamba. "Mawu ndikuwamva koma mwini wake sindikumuona."

"Yang'anani pansi, kumene kumamera zimene mumadya. Ndabwera kudzagula mbewu."

Nguluwe anasuzumira m'kachikho muja n'kuseka mpaka mimba kugwedezeka. "Mayi, nkhokwe ya mfumu sititsegulira chikho. Pano timapikulitsa."

"Chabwino. Kupikula n'chiyani?"

"Ukalamba osadziwa kupikula? Ndi kugula zambiri."

"Zambiri zimayambira pati? Kwa ine chikhochi ndi zambiri. Kwa inu mwina n'chotsukira m'kamwa. Ndiuzeni muyeso, ndikaufunefune."

Nguluwe anakanda khutu. Funso limeneli panalibe anali atamufunsapo. "Mtanga," anatero pomaliza. "Mtanga wodzaza tho. Choka, ukutchinga njira."

Sakhwi asanatuluke pamsika, Nyani anamutsekera kutsogolo, akumwetulira ndi mano ake achikasu aja.

"Mlamu, mukuvutikiranji? Kadzanja kanu kali kwathu kakukudikirani. Mungonditumizira Namphuno, ali ndi timanja tabwino topalira."

"Munadya woyamba, simunakhute?"

"Aaa, mawu amenewo! Imfa sitiitana. Koma ganizani bwino, mlamu. Mvula sidikira wamakani. Ngumbi zikangouluka ndidzabwera ndekha kudzamutenga, ndipo mudzandithokoza."

Sakhwi mtima unamuwawa, misozi inafika m'maso, koma sanafune kuti Nyani aione. Anakweza mphuno m'mwamba n'kuyamba kuimba. Inali nyimbo ya pamtondo, ija amayi amaimba posinja akafuna kutukwana munthu osamutchula dzina. Inkafunsa kuti zambiri zimayambira pati, n'kufunsanso kuti mtanga wa woyeza anauyeza ndani. Povomera pake inkati muyeso wa wadyera uli m'mimba mwake. Tsiku limenelo wovomera panalibe, anadzivomera yekha mpaka kwawo.

Atafika anayenda khomo ndi khomo kwa anzake ochepa: Mende, Chinziri, Nkhululu ndi mkulu Fulu.

"Mutu umodzi susenza denga," anatero. "Akuti mtanga. Tisonkhe bowa wathu tonse, tidzaze mtanga umodzi, mapirawo tidzagawana pakhomo."

Mende anapukusa mutu. "Sakhwi, iwe utiphetsa. Akapitawo akakwiya atiponda."

"Mbewa yamanyazi inafera kuuna, achimwene, ndipo mwambiwo anapekera mtundu wanu. Muli ndi ana angati?"

"Asanu."

"Mukufuna Nyani ayambire uti?"

Mende analowa m'nyumba n'kutuluka ndi bowa wake.

Anasonkha, anasonkha, mpaka mtanga unadzaza tho, msonga pamwamba. M'mawa mwake anauduudza kupita kumsika, uku akuimba nyimbo ija. Tsopano ovomera analipo. Chinziri ankatsogolera ndi kamawu kake, Nkhululu akuliza, Fulu akubwera m'mbuyo ndi mawu apansi, mochedwa monga mwa chizolowezi chake.

Nguluwe anamva fungo la bowa ali patali, malovu n'kudontha. Anatuluka, n'kuyang'ana pokhala, n'kukhala pamsana pa Fulu ngati wapeza chitsa. Ndikunena zoona, pamsana pa mkulu wa msinkhu wa agogo ake! Anatambasula dzanja kuti alandire mtanga, koma Nyani anatsokomola kumbali n'kumutsinzinira diso. Dzanja lija linabwerera.

"Mtangawu ndi wa yani?" anafunsa Nguluwe.

"Wathu."

"Wathu! Wathu ndi dzina la munthu? Inu ndinu ogula tizikho, mwangobisala mumtanga umodzi. Wopikula amakhala mmodzi, ndipo katundu wake amasenza yekha. Simunawaone a Njati?"

"Dzulo munati mtanga wodzaza," anatero Sakhwi. "Za kusenza simunanene."

"Dzulo ndi dzulo."

"Ndiye mawa mudzati chiyani? Itanani Nang'omba alize lamulo limeneli, tidziwe poima."

"Nang'omba salizira zibwana. Chokani!"

Pamenepo Fulu, amene anali atatopa ndi fungo la pamsana pake, anayamba kukwawa. Anakwawa pang'ono pang'ono, ndipo Nguluwe ndi thupi lake lonse lija ankayenda nawo osadziwa, akulalatabe. Anazindikira atafika padzuwa, n'kudzuka akutukwana. Onse anaseka mobisa. Sakhwi yekha sanaseke. Anangoyang'anitsitsa msana wa Fulu, mphuno ikugwedera.

Pobwerera nyimbo inali yozizira. Ovomera ankangong'ung'udza, ndipo Mende ananena poyera kuti bola angopereka mwana mmodzi, anayi atsale. Sakhwi anaikweza nyimboyo yekha, mwaukali, mpaka mawu kusasa.

Madzulo a tsiku lomwelo mvula inagwa yamphamvu, ndipo itakata ngumbi zinayamba kutuluka pachulu. Namphuno anaziona, n'kuthamangira kwa amake.

"Amayi, ngumbi zauluka. Ndiye kuti ndipita kwa a Nyani?"

Sakhwi anachita mantha, tisaname. Munda unali wolimalima, mizere ili mbuu kudikira, ndipo m'nyumba munalibe ngakhale njere imodzi. Koma anagwira mwana wake kumutu n'kunena kuti, "Udzapita ine atandiika. Kanditengere masamba ouma a nthochi ndi luzi." Kenaka anapita kwa Fulu. Zimene ananong'onezana kumeneko ine sindinamve, ndinangomva Fulu akuseka, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

Kutacha linali tsiku la msika waukulu. Nyama zinadzaza, Njati alipo, Nyani alipo, ndipo Nang'omba anali atakhala pambali akusinza. Sakhwi anafika akuimba, anzake akuduudza mtanga wa bowa, ena akukunkhuniza nkhata. Inu mukudziwa kuti wosenza katundu sayenda wopanda nkhata. Koma nkhata imeneyi, abale! Yaikulu kuposa mwini wake, yokulungakulunga ndi masamba a nthochi, yomangidwa ndi luzi ngati phukusi la pa ulendo.

"A kapitawo, ndabwera," anatero Sakhwi. "Lero wogula ndine ndekha. Awa angondiperekeza. Ndisenza ndekha."

Msika wonse unaphulika ndi phwete. Nguluwe anagwa chagada, miyendo m'mwamba.

"Iwe? Mtanga? Mayo ine nthiti zanga! Anyamata, dzazani mapira, dzazani mpaka msonga. Lero tione zodabwitsa. Ukangousuntha kuchoka pano kukafika pamwala apo, ndi wako."

"Mwamva nonse?" anafunsa Sakhwi.

"Tamva!" unayankha msika, poti aliyense ankafuna kuseka.

"Mutu wanga uli pafupi ndi dothi," anatero Sakhwi. "Nkhata ikhale pansi, mtanga muuike pamwamba, ine ndilowetsa khosi."

Anaika. Sakhwi analavulira m'manja, n'kulowetsa kamutu kake m'mphepete mwa nkhata, n'kubuula ngati mayi wa pa uchembere. Poyamba panalibe chinachitika. Nyani anayamba kuwomba m'manja monyoza. Kenaka mtanga unagwedezeka. Unasuntha. Unasunthanso, pang'ono pang'ono, kulunjika kumwala kuja, Sakhwi ali pansi pake akubuula, timiyendo tikupalasa fumbi.

Kuseka kunatha. Njati anasiya kubzikula, kukamwa yasa. Anzake a Sakhwi anayamba nyimbo ija, ndipo tsopano ngakhale Gwape ndi Insa, amene ana awo anali kale kuminda ya eni, anavomera nawo. Mtanga ukuyandikira mwala, Nyani anathamangira kukhutu kwa Nguluwe.

"Chitanipo kanthu! Uyu akapambana, mawa onsewa abwera ndi mitanga. Adzatilimira ndani?"

"Imani!" anakuwa Nguluwe. "Imani pomwepo! Umenewo si mtanga wopikula."

Sakhwi anatulutsa mutu. "Bwanjinso, a kapitawo?"

"Katundu amene kanthu konga iwe kangamusunthe angakhale wambiri bwanji? Wapepuka ameneyo! Katundu wopikula ndi amene mwini wake sangathe kumusuntha yekha."

"Hoo! Dzana munati mtanga. Dzulo munati wosenza yekha. Lero mukuti wosasunthika." Sakhwi anatembenukira kumsika. "Abale, mwawaona akapitawo athu? Lilime lawo lili ngati mchira wa mbuzi, silikhala malo amodzi. Mawa adzati wopikula akhale ndi minyanga. Nang'omba amamuopa ngati moto, chifukwa akudziwa kuti mawu awo ndi mphepo."

"Ine kuopa?"

"Mumaopa. Mwana wanga wa m'nyumba amasunga mawu kuposa inu."

Msika unayamba kung'ung'udza, ena kuseka, ndipo kuseka kwake tsopano sikunali koseka Sakhwi. Nguluwe ubweya wa pamsana unaima. Kunyozedwa ndi kanthu kosafika pa chiboda chake, pamaso pa anthu onse! Nyani anamukoka mchira kuti aleze mtima, koma mkwiyo ulibe makutu.

"Nang'omba! Dzuka! Liza lamulo ili: katundu wopikula ndi amene wogula sangathe kumusuntha yekha. Liza, kameneka kakhale chete mpaka masika!"

Nang'omba anatsegula diso limodzi. "A kapitawo, ndikaliza sindibweza. Ndilize?"

"Liza!"

Nang'omba anafufumitsa khosi lake lofiira lija n'kuliza. Mawu anagunda pansi mpaka kumidzi yakutali, ndipo lamulo linakhala lamulo.

Sakhwi anadikira mpaka kulira kutatheratu. Kenaka anasasa fumbi, n'kupita pankhata paja, n'kuluma luzi. Masamba a nthochi anagwa. Munatuluka mutu wamakwinya, kenaka miyendo inayi.

"Mwaswera bwanji nonse?" anatero Fulu. "Mtangawu ndi wopepuka kuposa akapitawo, ndipo sununkha."

Anapendekeka pang'ono, mtanga n'kutsetserekera pansi, iye n'kukwawira kumbali.

"Chinyengo!" anakuwa Nguluwe. "Mwaona nonse! Wandinyenga! Sanausunthe iyeyu, anausuntha ndi Fulu!"

"Eya, ndakunyengani," anatero Sakhwi. "Nenaninso mokweza, a kapitawo, akumbuyo sanamve. Ndinausuntha kapena sindinausunthe?"

"Sunausunthe!"

"Ndiyesenso, muone bwino."

Anaika phewa pamtanga n'kukankha ndi mphamvu zake zonse, ulendo uno zenizeni, mpaka timiyendo kuterereka, iye n'kugwa chafufumimba. Mtanga uli nji. Anadzuka, mphuno ili mbuu ndi fumbi, n'kuyang'ana Nang'omba.

"Mlengezi wa mfumu, katundu amene wogula sangathe kumusuntha yekha amatchedwa chiyani?"

"Wopikula," anatero Nang'omba. "Ndaliza ndekha. A kapitawo, landirani bowa, mayiyu atenge mapira ake."

Nguluwe analandira bowa uja monyinyirika. Koma nkhani sinathere pomwepo, abale. Nkhululu anadumphira kutsogolo ndi kachigoba ka mtedza kodzaza bowa.

"Nanenso ndipikula. Mundithirire chikho chimodzi."

Anathira. Nkhululu anakankha, chikho osasuntha. "Wopikula!" anatero Nang'omba. Anabwera Mende ndi lichero, osalisuntha. Wopikula! Anabwera Chinziri, anabwera Gwape ndi dengu, aliyense akusankha muyeso womupitirira mphamvu pang'ono, n'kunyamulizana awiriawiri popita kwawo. Lamulo silinaletse kuthandizana panjira, linangoti wogula asathe yekha.

Njati ataona nkhokwe ikutsika anakankha anthu n'kufika kutsogolo. "Ndipatseni mitanga yanga iwiri ya masiku onse."

Anamudzazira. Iye mosaganiza, poti anazolowera kudzionetsera, anaikola ndi nyanga imodzi n'kuikweza m'mwamba.

"Tsitsani, a Njati," anatero Nang'omba. "Mwainyamula nokha. Inu ndinu wogula tizikho, ndipo nkhokwe ya mfumu sititsegulira tizikho."

Ha! Msika unagwa ndi kuseka. Njati anati awonjezere mitanga, koma bowa wolipira katundu womulepheretsa iye akanamupeza kuti? Nyani, wochenjera uja, anayesa njira ina. Anaitanitsa dengu limodzi, n'kuligwira, n'kuyamba kubuula, akugwira msana, akutsimphina, ati nyamakazi yamugwira usiku. Sakhwi anangoti, "Njoka iyo kumapazi kwanu!" Nyani anadumphira padenga la nkhokwe, dengu lili m'khwapa.

"Mwachira msanga, alamu," anatero Sakhwi.

Mapira anafika pakhomo pa Sakhwi dzuwa lisanapendeke, atakwera pamsana pa Fulu, gulu lonse likuimba nyimbo ija. Povomera pake anasintha pang'ono, tsopano pankati muyeso wachoka m'mimba wagwera pabwalo. Anagawana monga anapanganirana, aliyense n'kuthamangira kumunda kwake dothi likadali lonyowa.

M'mawa mwake Nyani anabwera ndithu. Manyazi analibe, ndipo udzu m'minda yake yaikulu ija unali utayamba kale kumera, olima atatengedwa ndi makolo awo. Anaima m'malire a munda, kadzanja ka mapira kali m'chikho. Anapeza Sakhwi akukumba mapando, Namphuno akutsatira pambuyo, akuponya mbewu n'kufotsera ndi phazi.

"Mlamu," anatero Nyani ndi mawu ofewa, "ngumbi zinauluka. Tinapangana."

"Munapangana nokha."

"Chabwino, tisakangane. Mundibwereke mwanayu masiku ochepa okha. Munda wandikulira, sindingathe ndekha."

Sakhwi anaimika khasu, n'kumuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Simungathe nokha? Ndiye kuti mwapikula, alamu, ndipo mwapikula bwino. Kausenzeni." Anatembenukira kwa mwana wake. "Namphuno, usaime. Ponya mbewu. Mzere uwu ndi wa mchimwene wako, amene sanabwere."

Namphuno anaponya, n'kufotsera, n'kupita phando lina. Nyani anaima pamenepo mpaka dzuwa kumuwotcha pamsana, wina osamuyang'ananso. Kenaka anabwerera yekha kukayamba kupalira.

Yathera pamenepo. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaiphule, ndipo ngati yamukulira asadye yekha.